Mmene Likhuba Langa Linalowera M'nkhokwe ya Makoleji

Mukadzafika pa koleji yathu ku Soche n'kuona ophunzira akundipatsa moni uku akugwedeza mapewa, musadzayese ndi mwambo wa pasukulupo. Chimenecho ndi chilango changa. Chowawa n'chakuti palibe amene ndingamuloze chala. Ndinachiitana ndekha, masanasana, pamaso pa akuluakulu a makoleji ndi abusa anga omwe, ndipo ndinachita kukweza dzanja pochipempha.

Ine ndimayang'anira laibulale pa kakoleji ka mpingo kamene kali m'munsi mwa phiri la Soche. Kwathu ndi ku Nsanje, koma ndakhalitsa mu Blantyre muno moti Chisena chimangondibwerera ndikapsa mtima. Ndinenso mkulu wa mpingo, wa jekete ndi tayi ngakhale m'mwezi wa Okutobala. M'laibulale mwanga munthu satafuna chingamu, sanong'ona, saseka. (Wophunzira wina ndinamutulutsapo chifukwa chogwedeza phazi motsatira nyimbo imene inkalira m'mutu mwake momwe. Ndikukuuzani zimenezi kuti mudziwe kutalika kwa pamene ndinagwera.)

Chimene chinkandisowetsa mtendere pa ntchito yanga chinali makatoni. Wophunzira aliyense akamamaliza maphunziro amalemba buku la kafukufuku. Amavutika nalo chaka chathunthu, ena mpaka kuwonda, ife n'kumuwombera m'manja tsiku lolandira digiri, kenaka bukulo n'kuliika m'katoni m'kachipinda ka kuseri kamene kamadontha mvula ikangoti yayamba. Kunena zoona, chiswe chinali chitawerenga kafukufuku wathu kuposa aphunzitsi. Ndikatsegula chitseko cha kachipindako mtima unkandipweteka zenizeni, chifukwa ana amene analemba mabukuwo ndinkawadziwa mayina ndi nkhope zomwe.

Makoleji ena a m'tauni ndi ku Limbe nawonso anali ndi makatoni awo, ndiye malaibulale athu anapanga mgwirizano. Tinati tikhale ndi nkhokwe imodzi ya pa intaneti, yoti koleji iliyonse iziikamo kafukufuku wake, kuti wophunzira wa ku Limbe aziwerenga zolembedwa ku Soche osakwera minibasi. Panasankhidwa komiti yoti iyese mapulogalamu a nkhokwe zoterezi n'kunena yoyenera kuitenga, ndipo ine ndinalimo. Wapampando anali Mayi Malunga a ku koleji yaikulu ya m'tauni, mayi amene akakuyang'anira pamwamba pa magalasi umayamba kukumbukira mabuku onse amene sunabweze chibadwire.

Mapulogalamu amene anatsala pa mpikisano anali awiri, ndipo mayina ake enieni anali opinda lilime moti tinawapatsa athuathu. Yoyamba tinkaitcha Ndege. Inali yokongola, ya mitundumitundu, zithunzi zikuyenda zokha, ndipo inabwera ndi bambo wa suti woigulitsa. Yachiwiri tinkaitcha Kabaza. Imeneyi inali zilembo zakuda pa tsamba loyera basi, yosakopa maso, koma yopepuka. Mayi Malunga mtima wawo unali pa Ndege, ndipo sindiwanena, chifukwa kwawoko intaneti imathamanga. Kwathu ku Soche imayenda ngati lole ya simenti pa chitunda. Ndikati nditsegule Ndege, ndinkatha kupita kukamwa tiyi n'kubwerera n'kupeza kachizindikiro kaja kakungozungulirabe pakati pa sikirini.

Mkulu wa koleji yathu, Abusa Likongwe, anandiuza mosapita m'mbali.

"A Laibulale," anatero (ndi mmene amandiitanira aliyense pasukulupo, ngati ndine nyumbayo), "akakasankha chinthu chimene ife sitingathe kuchitsegula, tituluka mu mgwirizanowo. Sitingamasonkhere nawo chinthu chongomva kwa anzathu kuti n'chabwino."

Choncho nkhani inali imodzi: Kabaza ipambane, apo ayi makatoni anga akhala a chiswe mpaka kalekale.

Kayesedwe kake kanali kotere. Kampani ina ya makompyuta ku Makata inasunga mapulogalamu onse awiri pa makina ake, aliyense wa m'komiti n'kupatsidwa pasiwedi, n'kuuzidwa kuti aziikamo zinthu zongoyesera. Anzanga ankaikamo timasamba topanda pake, wina mpaka mitengo ya zakudya za ku kantini, pa mutu n'kungolembapo kuti "kuyesa". Ine zimenezo ndinaziona zachibwana. Ndinati nkhokwe imayesedwa ndi katundu wolemera, tione ngati ingalandire vidiyo. Nditayang'ana pa fulashi yanga, vidiyo inalipo imodzi yokha.

Apa ndibwerere kaye m'mbuyo pang'ono. Miyezi ingapo izi zisanachitike, mwana wa achimwene anga anakwatiwa ku Mpingwe. Ukwati unayamba mwaulemu, ine nditakhala ku tebulo la akuluakulu, manja pamimba. Koma dzuwa litapendeka, abale ochokera ku Nsanje anauza wa zoimbira kuti apume kaye, n'kutulutsa ng'oma zimene anabwera nazo pa basi. Anayamba likhuba, gule wa kwathu amene amuna amaonetsera mphamvu, amene ine ndinasiya kuvina ndevu zisanamere. Chinayamba ndi chala chaphazi, mkati mwa nsapato, mosaonekera. Kenaka bondo. Zimene zinachitika pakatipo sindikuzikumbuka bwino, koma ndinangopezeka ndili pakati pa bwalo, jekete nditamanga m'chiuno, tayi itazungulira kumsana, amayi akundilulutira. Mlamu wanga anajambula zonse, n'kundiikira pa fulashi kuti ndidzaonetse akumudzi. Abusa kunalibe poti ukwatiwo unali wa ku Katolika, ndipo ndinathokoza Mulungu, chifukwa anali atangolalikira kumene za akulu a mpingo amene amavula jekete pa maukwati.

Tsono mumve uchitsiru wa munthu wa m'laibulale. Wina aliyense akanaika vidiyoyo n'kulemba kuti "kuyesa". Ine dzanja langa silingathe. Zaka zonsezi ndakhala ndikukalipira anthu kuti chinthu chosalembedwa bwino m'katalogi n'chimodzimodzi chotayika. Choncho pulogalamu itandifunsa mutu, ndinalemba kuti "Gule wa likhuba pa ukwati ku Mpingwe". Itafunsa chilankhulo cha nyimbo, ndinati Chisena. Mawu ofufuzira ndinaika anayi: likhuba, ng'oma, maukwati, magule a ku Nsanje. Itafika pa dzina la wovina ndinazengereza pang'ono, koma mpata wosadzaza umandiyabwa m'maso. Ndinalemba dzina langa lonse, ndi la pakati lomwe, ndipo pa mpata wa udindo ndinaikapo zoona zokhazokha: woyang'anira laibulale, mkulu wa mpingo. Ndinachita zimenezi mu Ndege ndi mu Kabaza momwe, kuti mayeso akhale achilungamo. Nditamaliza ndinaiyang'ana ntchitoyo n'kudziyamikira ndekha.

M'maganizo mwanga, aliyense wa m'komiti anali ndi kangodya kakekake koyeseramo, koti anzake sangasuzumiremo. Sindikudziwa amene anandiuza zimenezo. Ndikuganiza kuti ndinadziuza ndekha.

Zoona zake zinatulukira pa msonkhano wa komiti m'tauni, tsiku la mayeso omaliza litayandikira. Ine ndinali nditangopambana mkangano waukulu. Ndinakakamira kuti mwambo woonetsa mapulogalamuwo kwa akuluakulu a makoleji udzachitikire kwathu ku Soche, kuti adzadzionere okha mmene intaneti ya anthu osauka imayendera, ndipo anzanga anavomera. Ndikadali kunyadira, samusa ili m'kamwa, Mayi Malunga anawonjezera mawu.

"Tisavutikenso n'kukonza zoonetsa," anatero. "Zonse zimene mwakhala mukuikamo zili pamodzi, aliyense akhoza kuzipeza. Tidzangolumikiza projekita n'kumafufuza momwemo."

"Pamodzi bwanji, amayi?" ndinafunsa.

"Pamodzi, bambo. Nanga tikuitcha nkhokwe ya tonse chifukwa chiyani?"

Ndinameza samusa ija osaitafuna. Mwayi wanga unali umodzi wokha: kufikira pamenepo panalibe amene anali atafufuzamo kalikonse, poti aliyense ankangoponyamo zake n'kutseka.

Nditabwerera ku ofesi ndinakhoma chitseko. Ndinayamba ndi Ndege. Inatenga nthawi yake kuti itseguke, koma itatseguka ndinangodina kamodzi, vidiyo n'kuzimiririka, osandifunsa n'komwe kuti ndine yani. Ndinaidalitsa, ine yemwe ndinali nditainyoza mwezi wonse. Kenaka ndinapita kwa mnzanga Kabaza. Inatseguka msangamsanga, mwaulemu, n'kundiuza kuti chinthu chikalowa m'nkhokwe sichichotsedwa ndi amene anachiika. Angachibise ndi woyang'anira wamkulu yekha, atachiona kaye n'kulemba chifukwa chake. Woyang'anira wamkuluyo anali Mayi Malunga. Ndinayesa kusintha mutu kuti ukhale "kuyesa". Inavomera ndithu, koma m'munsi mwake n'kulembamo kuti mutu wakale unali wakutiwakuti, ndipo ukafufuza unkaupezabe. Ndinabwezeretsa mutu wakalewo. (Pepani, koma "kuyesa" sunali mutu woona.)

Kunyumba ndinawafotokozera akazi anga, mayi a Tadala, ndikuyembekeza chifundo. Anaseka mpaka anakhala pansi pakhonde.

"Ndiye mwalembanso kuti mkulu wa mpingo?"

"Panali mpata wake."

"Bambo a Tadala, mpata uliwonse ndi wanu? Ingopitani kwa mayiwo mukawauze abise."

"Kuti aione? Amene aja akangoiona, m'komiti sindidzatsegulanso pakamwa. Ndikadzati Kabaza, iwo adzangoti likhuba."

"Nanga mbali ya makireti ija ilimo?"

Inalimo. Za makireti ndinali nditaziiwala mwadala.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ya ku Makata. Ndinkati makina ndi makina, munthu amene amawasunga akhoza kungolowetsamo dzanja n'kuzula chimene wafuna. Kampaniyo inali kuseri kwa zinyumba zosungira katundu, ndipo ndinafika nsapato zitayera ndi fumbi la malole. Mkulu wa pamenepo, a Zuze, anandilandira bwino. Ndinalankhula mozungulira, za kanthu kena kamene munthu wina anaika molakwitsa.

"Kanthu kanji, madala? Tikaone kaye."

"Si kofunika kukaona."

"Nanga ndichotsa bwanji chimene sindinachione?"

Ndinawanong'oneza mawu ofufuzira. Tsoka ilo, a Zuze anali a ku Chikwawa. Ng'oma itangolira anaimirira, n'kukweza voliyumu, n'kuitana anzawo a m'chipinda china kuti adzaone mmene amavinira kwawo. Anabwera onse, ndi mayi wophika tiyi yemwe. Anayang'ana pa sikirini, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso pa sikirini.

"Madala, ndinu amene!" anatero a Zuze, n'kundigwira chanza ndi manja awiri. "Ndiye mukufuna tichotse zimenezi? Sizingatheke. Choyamba, popanda chilolezo cha amayi a pampando ine sindikhudza. Chachiwiri, pulogalamu imeneyi imadzikopera yokha tsiku ndi tsiku. Kope lina lili pano, lina lili ku Limbe. Ngakhale nyumba ino itapsa lero, inu mudzavinabe."

Popita ku Makata, chinsinsi changa chinali cha pachibale. Pobwerako chinali cha kampani yonse, ndi mlonda wa pageti yemwe ananditsanzika ngati akundidziwa kuyambira kale. Ndinangodzilimbitsa mtima kuti pa msonkhano wa anthu ophunzira palibe amene angaganize zofufuza likhuba. Chofunika chinali choti ine ndikhale chete, ndipo kukhala chete ndiye ntchito yanga.

Tsiku lija linafika. Tinasuntha matebulo m'laibulale mwanga n'kupachika nsalu yoyera pa mashelefu a mabuku a zaumulungu. Akuluakulu a makoleji anakhala kutsogolo, Abusa Likongwe ali pakati pawo atavala kolala. Ine ndinakhala pa kompyuta, poti ndinali mwini nyumba.

Tinayamba ndi Ndege. Kachizindikiro kaja kanayamba kuzungulira, ndipo kanazungulira ndi mtima wonse. Bambo wa suti analankhula za mayiko amene pulogalamu yake inafikako, n'kumwa madzi, n'kulankhulanso.

"Vuto ndi netiweki ya kuno, mabwana," anatero pomaliza, "osati pulogalamu."

Itatseguka inatseguka theka, koma thekalo linali lokongola, ndipo ndinamva ena akuti eee. Ndinatsegula Kabaza. Inabwera chala chisanachoke pa batani. Ndinafufuza mitengo ya zakudya za ku kantini ija, nayo n'kubwera. Abusa anagwedeza mutu, ine mumtima n'kuti basi, tapambana, ndipo palibe wavina.

Pamenepo Mayi Malunga anaimirira.

"Kuthamanga yathamanga," anatero. "Koma yathamanga itanyamula chiyani? Mitengo ya tchipisi. Masiku ano ophunzira athu a zaulimi, a zaumoyo, a zachikhalidwe, amabwera ndi mavidiyo pa kafukufuku wawo. A Ndege atitsimikizira kuti yawo imanyamula. Kanjinga aka palibe amene wakayesa ndi katundu wolemera. Kapena alipo m'komiti muno amene anaikamo vidiyo?"

Anzanga a m'komiti anayang'ana pansi. Mkulu wa koleji ina ya ku Limbe, bambo wa mawu aakulu, anakonza kukhosi.

"Ngati zili choncho, titenge yaikuluyo," anatero. "Anzathu a ku Soche adzatipeza intaneti yawo ikadzakula."

Mitu inayamba kugwedezeka movomereza. Ndinaona Abusa akutseka cholembera chawo n'kuchiika m'thumba la jekete, ndipo ine amene ndagwira nawo ntchito zaka zambiri ndinadziwa kuti akatero nkhani yatha. Pamene ndinakhala ndinkaona chitseko cha kachipinda ka makatoni. Ndikuuzeni zoona, ndinapemphera kuti magetsi azime. Mu Blantyre muno magetsi amazima osapemphedwa, pa maliro ndi pa ukwati pomwe, koma tsiku limenelo anayaka mokhulupirika. Ndinaganiza za dzina langa ku mpingo, ndinaganiza za ana aja ndi mabuku awo, ndipo ndinapsa mtima ndi onse awiri.

Ndinakweza dzanja.

"Ilimo, amayi."

"Ilimo chiyani?"

"Vidiyo. Yaikulu ndithu."

"Ya chiyani?"

"Ya zachikhalidwe."

"Tafufuzani tione."

Ndinalemba mawu ofufuzira aja. Kabaza, mnzanga amene ndinamumenyera nkhondo, sanandipatse ngakhale kampata kopumira. Zonse zinabwera pa nsalu yoyera, zilembo zazikulu ngati chikhatho. Bambo wa ku Limbe uja anayamba kuwerenga mokweza, mwina poganiza kuti akuthandiza a kumbuyo. Anawerenga mutu, anawerenga malo, anawerenga dzina langa lonse, ndipo atafika pa "mkulu wa mpingo" mawu ake anatsika okha.

"Katalogi yake ndiye yaukatswiri," anatero Mayi Malunga. "Tsegulani."

Ng'oma za ku Nsanje zinalira m'laibulale mwanga, momwe muja ndinatulutsamo mwana wa eni chifukwa cha phazi. Pa nsalu panaoneka bambo wina wa mimba yake, jekete m'chiuno, tayi kumsana, akuponda pansi ngati nthaka inamulakwira. Ndinali ndisanadzionepo wamkulu choncho. Mapewa ankapita kwina, chiuno kwina, ndipo nkhope, abale anga, nkhope inali ya munthu wosangalala kotheratu, zimene zinandichititsa manyazi kuposa zonse.

"Mwaona kuti ikuyenda, mabwana," ndinatero, dzanja likupita ku batani. "Tingathe kuimitsa pamenepa."

"Ayi, bambo," anatero Mayi Malunga, osachotsa maso pa nsalu. "Mavidiyo ambiri amayamba bwino n'kukaima pakati. Tiione mpaka kumapeto."

Ankanena zoona. Lamulo limenelo ndinalibweretsa m'komiti ndine.

Ndiye tinaiona mpaka kumapeto. Tinaona bambo uja akubwerera m'mbuyo kuti atenge liwiro. Tinamva mawu a mayi a Tadala, omveka bwino ngati ali m'chipinda momwemo, akukuwa kuti, "Bambo a Tadala, msana!" Tinaona bamboyo akulumpha, n'kutembenukira m'malere monga ankachitira ali mnyamata, n'kukatera chagada pa makireti a zoziziritsa kukhosi, miyendo m'mwamba, nsapato imodzi ikuuluka payokha. Kung'ambika kwa thalauza nakonso kunamveka. Pa intaneti yathu yomweyo ya lole ya simenti, Kabaza sinaime ngakhale kamodzi.

Chikhakhali chimene chinabuka sindinachimvepo m'nyumba imeneyo. Mayi wina wa m'komiti anatuluka panja atagwira nthiti. Bambo wa suti anaseka mpaka misozi. Abusa okha ndi amene sanaseke. Anangophimba pakamwa ndi dzanja n'kumayang'ana kudenga, kolala ikunjenjemera.

Phokoso litatsika, bambo wa ku Limbe anandifunsa, akupukuta m'maso.

"Nanga mu Ndege simunaikemo?"

"Ndinaikamo, bwana. Ndinaichotsa."

"Anakulolani ndani?"

"Palibe. Sinandifunse."

"Ndiye kuti munthu akangodzuka atakwiya akhoza kufufuta kafukufuku wa koleji yonse?"

Bambo wa suti anasiya kuseka.

"Nanga iyi munaisiyiranji?" anapitiriza bambo wa ku Limbe uja.

"Bwana, ndayesetsa," ndinatero, poti panalibenso chobisa. "Ndasintha mutu, ndapempha, mpaka ku Makata ndinafika. Yakana."

Mayi Malunga anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya chitenje. Aka kanali koyamba kuona maso awo opanda chotchinga, ndipo anali maso a munthu wabwinobwino.

"Ngati yakanira munthu amene anali ndi chifukwa chachikulu chotere," anatero, "ndiye kuti kafukufuku wa ana athu sadzasowa. Ine ndasintha maganizo."

Manja anakwera, ndipo Kabaza inapambana. Anthu potuluka ankandigwira chanza, ena osatha kundiyang'ana kumaso. Abusa anatsalira mpaka onse atatuluka.

"A Laibulale, pa nkhani ya nkhokwe, koleji ikuthokoza," anatero. "Pa nkhani ya jekete, tikakambirana ndi akulu anzanu."

Anayenda pang'ono n'kutembenuka.

"Koma polumpha paja, munthu amayamba waona kumene kuli makireti."

Kukambiranako kunachitikadi. Akulu anzanga anati sangaweruze nkhani asanaone umboni, ndipo atauona anati sanaone bwino, auonenso. Anandichenjeza mwachikondi, mmodzi wa iwo akulephera kumaliza chiganizo. Nkhani itafika kwa ophunzira, mwana aliyense pasukulupo anaphunzira kufufuza m'nkhokwe popanda womuphunzitsa, zimene ine ndinali nditalephera kuwachititsa ndi katalogi ya makhadi zaka zonsezi. Phunziro ndiye ndinalitenga: poyesa chinthu cha anthu ambiri, ikamo mitengo ya tchipisi ngati anzako.

Mayi Malunga analonjeza kuti vidiyoyo adzaibisa, koma anati idikire kaye mpaka lipoti la komiti livomerezedwe, poti inali umboni. Amene anakhalapo m'komiti akudziwa kuti lipoti limayenda pang'onopang'ono kuposa intaneti ya ku Soche. Ine ndinatanganidwa ndi makatoni. Tinawatulutsa limodzilimodzi, kukutumula fumbi, kujambula masamba, kuika m'nkhokwe. Mabuku ena chiswe chinali chitadya mawu oyamba ndi omaliza, koma ambiri anapulumuka. Tsiku limene mphunzitsi wina wa ku Limbe anaimba foni kufunsa za wophunzira wathu wakale amene analemba za ulimi wothirira, ndinakhala pansi n'kusangalala ndekha ngati mwana.

Chaka chinatha. Tsiku lina pa tebulo langa panafika mabuku a ophunzira omaliza kumene, oti ndiwaike m'nkhokwe. Limodzi linali la mtsikana wina wofatsa, amene sindinamumvepo akutsokomola n'komwe m'laibulale, ndipo linali lonena za mpingo ndi magule a makolo ku chigwa cha Shire. Mwa chizolowezi ndinatsegula kumapeto kuti ndione ngati maumboni analembedwa bwino. Vidiyo yanga inali pomwepo, ndi nambala yake ya m'nkhokwe, yolembedwa mosalakwitsa ngakhale kadontho. Mkatimo anaipatsa ndime yathunthu. Anafotokoza kaponyedwe ka mwendo, anayamikira mapewa, n'kumaliza ndi mawu aulemu kwambiri osonyeza kuti gule amakhalitsa m'magazi kuposa mmene amakhalira mumsana.

Ndikadali ndi bukulo m'manja, foni inalira. Anali Mayi Malunga.

"Bambo, lipoti lija lavomerezedwa. Ndatsegula pa kompyuta pano. Mungonena, ndibise."

Ndinayembekezera mawu amenewo chaka chonse. Koma munthu wa m'laibulale amadziwa chimene chimachitika umboni ukabisidwa. Wowerenga amatsata nambala, n'kupeza chitseko chotseka, n'kuyamba kukayikira kuti mwina wolembayo anangopeka. Mtsikanayo sanapeke kanthu. Zonse anaziona ndi maso ake, mwinanso kangapo.

"Halo? Mukundimva? Mwayi uwu subweranso."

"Isiyeni, amayi," ndinatero. "Mwana wa eni wailemba kale m'buku lake."

Kumbali inayo ndinamva kuseka kwa munthu amene akuyesetsa kuti asaseke. Ndinaika foni pansi, ndinakonza tayi, n'kuliika buku lija m'nkhokwe ndi manja anga, pamodzi ndi ndime yonena za msana wanga.